Mphika wa Nyemba ndi Nyali ya Ana

M'nyumba zambiri za kuno ku Ulongwe zimene zidalandira magetsi muli mlandu umodzi umene sufika pabwalo la mfumu, komabe umabuka mwezi ndi mwezi. Mlanduwo ndi wakuti, ndani wamaliza Credelec? Manambala a pa mita yolipiriratu ija akayamba kutsika mofulumira malipiro a mwezi asanaoneke, maso onse amagwera pa ana. Uyu akuti adasiya babu likuyaka kuchipinda, uyo akuti amatchaja foni usiku wonse, winayo akuti amachedwa kugona chifukwa cha mabuku ake. Tsono bambo amayendayenda m'nyumba namazimitsa nyali, ndipo mwana amene ali ndi mayeso mawa amauzidwa kuti atseke kope akagone. Ine ndaphunzitsa masamu kusukulu ya pulayimale zaka zambiri, ndipo ndaphika m'nyumba mwanga zaka zoposa pamenepo. Ntchito ziwirizi zimandipatsa umboni umodzi, wakuti anawa tikuwanamizira. Ndalama zikuthadi, koma zikuthera pansi pa mphika.

Mundilole ndiyambe ndi masamu ochepa, pakuti mphunzitsi saleka khalidwe lake. Chiwiya chilichonse chamagetsi chimalembedwa nambala yotsatiridwa ndi chilembo cha W, ndiwo mawati, ndipo nambalayo imasonyeza kukula kwa mimba yake. Mita ya EDM imawerenga ndi muyezo wa kWh, umene ambiri timangoti makilowati. Kilowati imodzi yotere imatha pamene chiwiya cha mawati 1,000 chagwira ntchito ola lathunthu. Babu lakale lija la kawaya kofiira m'kati, la mawati 60, likamayaka maola 5 madzulo alionse limadya makilowati 9 pamwezi. Babu la LED la mawati 9, limene limawala chimodzimodzi, silikwanitsa ngakhale kilowati imodzi ndi theka pamwezi womwewo. Foni ikamatchajidwa tsiku ndi tsiku mwezi wonse siifika pa kilowati imodzi. Koma taonani mbaula yamagetsi ya mawati 1,500. Mukatelekapo nyemba zouma n'kuisiya ikuyaka mwamphamvu maola 3, yadya makilowati 4 ndi theka. Mphamvu imeneyo ikadayatsa babu la LED la mwana wanu maola 500, ndiko kunena madzulo 100. Mphika umodzi wa nyemba wameza kuwerenga kwa teremu yathunthu. Aliyense atenge lisiti lake la Credelec, aone makilowati amene adapatsidwa pa mametikali amene adalipira, adziwerengere yekha.

Chaka chimene nyumba yathu idalumikizidwa ku magetsi ndidaika kakope pawindo, pafupi ndi mita, ndipo ndinkalembamo nambala m'mawa ndi madzulo, pamodzi ndi ntchito zimene zidagwiridwa tsikulo. Patatha mwezi umodzi kakope kaja kadayankhula kokha. Masiku wamba nambala inkatsika mwaulemu. Loweruka, tsiku losita zovala za Sabata ndi mayunifolomu, inkagwa ngati mwala. Tsiku la nyemba inkagwa koposa. Bambo a kunyumba adakayang'ana nthawi yaitali atavala magalasi awo, kenaka adati, "Mayi, ndiye kuti wakuba uja timadya naye pamodzi." Kuyambira pamenepo ndidagwira mfundo imene ndaiyesa kambirimbiri osandinamiza: chiwiya chimene ntchito yake ndi kutenthetsa ndicho chimadya kwambiri. Ketulo, simbi yositira, mbaula ndi hitala ya nthawi yachisanu zonse zili m'banja limodzi, la mawati oyambira 1,000 kukwera m'mwamba. Ngakhale babu lakale lija vuto lake ndi lomweli, chifukwa magawo 9 mwa magawo 10 a mphamvu imene limadya amasanduka kutentha, n'chifukwa chake siligwirika likayaka kanthawi.

Filiji ili ndi nkhani yakeyake, chifukwa ndiyo yokha yosagona. Imazizira m'kati potulutsa kutentha kumbuyo kwake, motero ikakanikizidwa kukhoma, kapena ikaikidwa pomwe dzuwa limalowera, imavutika ndipo injini yake siipuma. Kuikamo mphika wotentha ndiko kulipira kawiri, poyamba potenthetsa, kachiwiri poziziritsa. Mphira wa m'mbali mwa chitseko chake muziuyesa ndi pepala: mukalitsekera n'kulisolola mosavuta, mphirawo watha.

Koma nditaye nthawi pang'ono pa nyemba, chifukwa ife a ku Angónia ndife alimi a nyemba ndi kachewere, ndipo palibe ndiwo imene imakhalitsa pamoto m'nyumba zathu ngati imeneyi. Chinthu choyamba chimene ambiri sitichiganizira ndi chakuti madzi akawira, awira basi. Kunyanja amawira pa madigiri 100, ndipo kumtunda kuno, kumene mpweya ndi wopepukirapo, amawira asanafike n'komwe pamenepo, chimene ndi chifukwa china chimene nyemba zathu zimachedwera kupsa. Mukasonkhezera moto mphika utawira kale, madziwo satentha kuposa pomwe ali. Amangobwata mwaukali n'kuthawa ngati nthunzi, inu n'kuthiramo ena ozizira, moto n'kuyambiranso ntchito yake. Chotero mphika ukangowira, moto uchepe, ndipo chivundikiro chikhalepo. Ndaona amayi ena akusunga chivundikiro chabwino m'kabati kuti chisade, mphika uli yasa pamoto. Chivundikiro chimenecho chikadakhala pamalo pake chikadadzigula chokha kangapo.

Chachiwiri ndi kuviika. Nyemba youma imayenera kumwa madzi isanayambe kufewa, ndipo nthawi yambiri ya pamoto imathera pa kumwako. Madzi ozizira a m'beseni amaigwira ntchito yomweyo usiku, ife tikugona, popanda kulipiritsa. Apa ndipo pali mkangano, ndipo sindikufuna kuupeputsa. Apongozi anga aakazi, amene adali katswiri wa mphika kuposa ine, sankafuna kumva za zimenezi. Ankati, "Mwana wanga, nyemba zoviika n'zachipatala, zilibe msuzi." Ndinkawayankha kuti, "Amayi, talawani kaye, mundiuze ngati zalakwika." Adalawa, ndipo adati msuzi wake ngwopepukadi pang'ono. Sadaname. Koma iwo omwe ndi amene adandionetsa mankhwala ake: kutapa nyemba zochepa zikapsa, kuzitswanya ndi chipande, n'kuzibwezera mumphika pamodzi ndi tomato ndi anyezi. Msuzi udabwerera, ndipo moto wa maola atatu udatsika kufika pa ola limodzi ndi mphindi zingapo. Mpaka kumwalira kwawo ankanenabe kuti zosaviika ndizo nyemba zenizeni, koma masiku amene nkhuni zidavuta ankayamba ndi iwo kufunsa ngati beseni laikidwa.

Chachitatu ndidachiphunzira pa msonkhano wa amayi, kwa mayi wina wochokera cha ku Dómuè, ndipo poyamba ambiri tidachiseka. Adatenga dengu lalikulu, nayalamo udzu wouma ndi bulangeti lakale lopindapinda. Nyemba zoviika adaziwiritsa mwamphamvu mphindi 20, adaphula mphika uli chivundikirire, nauika m'dengumo, naufunditsa mbali zonse ngati khanda la m'mwezi wa Juni. Tidapita kukachita zina. Patatha maola anayi tidapeza mphika ukadali wotentha wosagwirika, nyemba zitapsa bwinobwino. Palibe matsenga apa. Chimene chimaphika ndi kutentha, ndipo moto umene timasonkhezera maola onse aja ntchito yake ndi kubwezera kutentha kumene kukuthawira m'mphepo. Mukakutsekera njira, moto sufunikanso. Kuwiritsa koyamba kuja kokha musakudule, makamaka pa nyemba zofiira, chifukwa zili ndi kanthu kena kopweteka m'mimba kamene kamafa pokhapokha zitabwata ndithu mphindi zosachepera 10. Dengu limeneli limathandizanso pa chingowe ndi pa mpunga, ndipo lili ndi ubwino wina umene mayi aliyense angaumvetse: mphika wa m'dengu supserera, sufuna mlonda, ndipo munthu angathe kupita kumunda kapena kumaliro osadera nkhawa.

Wina angandifunse kuti, nanga zonsezi zikutikhudza bwanji ife amene kwathu waya wa magetsi sadafike? Zikukukhudzani koposa, abale anga. Mabanja ambiri m'dziko lathu, ngakhale amene ali ndi mita pakhoma, amaphikabe ndi nkhuni kapena makala, ndipo lamulo la kutentha silisankha. Mita yanu ndi thumba la makala limene limatha mwezi usanathe, kapena msana wa mwana wamkazi amene chaka chino akupita kutali kuposa chaka chatha kukatola nkhuni. Amene tidakulira kuno tikukumbukira mapiri amene adali ndi misuku ndi mitsamba yothithikana, lero pali zitsa ndi miyala.

Ndikudziwa kuti nkhani ya kusamala magetsi imawawa kuimva m'chigawo cha Tete. Ku Songo, pa mtsinje wa Zambezi, kuli damu la Cahora Bassa, limene lidamalizidwa mu 1974, lokhoza kupanga mamegawati 2,075, ndipo mphamvu yake yambiri imayenda pa waya makilomita oposa 1,000 kupita ku South Africa. Mu 2007 dziko lathu lidatenga gawo lalikulu la umwini wake kuchokera kwa Apwitikizi, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Armando Guebuza, adalengeza kuti Cahora Bassa ndi yathu. Ku Moatize sitima zimanyamula malasha kupita kunyanja. Pamene zili choncho, mayi wa ku Tsangano akupemerera moto wa zitsononkho maso ali psuu. Boma lidalonjeza mu 2018, pa ndondomeko ya Energia para Todos, kuti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi, ndipo tili ndi ufulu wonse wofunsa atsogoleri kuti lonjezolo lafika pati. Koma funso limenelo silingaphike nsima ya madzulo ano, ndipo wogulitsa makala sachotsera mtengo chifukwa chakuti damu ndi lathu.

Mafuwa atatu amene adatilera tonse ndi osakaza kwambiri. Lawi limatulukira mbali zonse, mphepo imalikankha, ndipo kutentha kofika mumphika ndi gawo laling'ono chabe, pafupifupi limodzi mwa magawo 10 kapena kupitirirako pang'ono. Kungozinga moto ndi kakhoma ka dothi kapena njerwa, n'kusiya khomo limodzi la nkhuni, kumasintha zinthu tsiku lomwelo. Abale athu a tsidya la malire, ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene ambirife timapita kumsika ndi kukaona achibale, ali ndi mbaula yadothi lootcha imene amaitcha chitetezo mbaula. Imayaka ndi timitengo ting'onoting'ono, zitsononkho ndi mapesi a nandolo, zinthu zimene pa mafuwa zimangolilima n'kutha. Dothi limasunga kutentha, ndipo lawi lilibe kwina kopita koma pansi pa mphika. Chimodzimodzi mbaula ya makala: yachitsulo chokhachokha imawotcha miyendo ya wophika, pamene yomatidwa dothi m'kati imatumiza moto kumwamba. Ife amene timadziwa kuumba mbiya ndi miphika sitiyenera kudikira mlendo kuti adzatiphunzitse kuumba mbaula.

Za makala ndinene mawu awiri. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya makala mu uvuni wa dothi umene anthu amaotchera kutchire, pamapita makilogalamu 5 a mtengo kapena kuposa pamenepo. Tsono kusiya makala akunyeka okha mpaka phulusa nsima itaphulidwa kale ndiko kutaya mtengo wathunthu pang'onopang'ono. Kwathu tili ndi chitini chakale chokhala ndi chotsekera cholimba. Kuphika kukatha timapanira makala otsala m'menemo n'kutseka, amazima chifukwa chosowa mpweya, ndipo m'mawa ndiwo amayambitsa moto wa phala. Kuwathira madzi kumawazimitsadi, koma mawa amavuta kuyaka. Ndipo ngati moto ukadalipo, pasakhale popanda kanthu: madzi osamba ana kapena otsukira mbale atelekedwe nthawi yomweyo, osadzakoleza moto wina pambuyo pake. Madzi a tiyi wa tsiku lonse awire kamodzi m'mawa alowe m'fulasiki.

Pali zinthu zina, komabe, zimene sindingalangize munthu kuti achepetse, ndipo ndimakhumudwa ndikaona kusamala kukusanduka umbombo. Kusita zovala za ana, makamaka matewera ndi zam'kati zimene zayanikidwa panja, si kudzikongoletsa. Pali ntchentche ina imene imaikira mazira pa nsalu zonyowa, ndipo mphutsi zake zimalowa m'khungu la mwana n'kutupitsa ngati chithupsa. Simbi yotentha ndiyo imapha mazirawo. Chofunika ndi kusonkhanitsa zovala zonse n'kusita kamodzi, m'malo motenthetsa simbi m'mawa uliwonse chifukwa cha malaya amodzi, ndipo zopepuka zisitidwe pomaliza simbi itazimitsidwa kale. Madzi akumwa, ngati achokera pachitsime chokayikitsa, awiritsidwe ndithu, makamaka nyengo yamvula pamene kolera imavuta. Ndipo mlendo akafika usiku, moto ukolezedwe. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo banja limene likuwerenga makala pamaso pa mlendo lasunga zochepa n'kutaya zambiri.

Chimene chimandiopsa koposa ndi cha m'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene chisanu cha kuno chimalowa mpaka m'mafupa. Pofuna kuti kutentha kusatayike, ena amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda chogona, natseka chitseko ndi mawindo, natsekanso timipata ndi nsanza. Makala akamanyeka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amangomva mutu ndi tulo, ndipo ena sadzukanso. Tidaikapo maliro otere, banja kupezeka m'mawa lili chigonere, mbaula ili pakati. Wothani moto pamalo opita mphepo, ndipo pokagona mbaula ituluke, bulangeti ndilo ligwire ntchito. Utsi wa tsiku ndi tsiku nawonso si wopusa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, lidawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni adamwalira ndi matenda obwera chifukwa cha utsi wa m'nyumba. Amene amaupuma kwambiri ndi mayi wophika ndi khanda limene lili kumsana kwake. Mbaula yodya nkhuni zochepa imatulutsanso utsi wochepa, motero phindu lake limafika ndi m'chifuwa momwe.

Kwa inu abambo ndili ndi pempho, ndipo ndikulinena mwaulemu. Njira zambiri zimene ndatchulazi zimafuna kandalama koyambira, ndipo kawirikawiri chikwama chili kwa inu. Babu la LED ndi lokwera mtengo pogula kuposa lakale lija, koma limakhala zaka, ndipo kusiyana kwa makilowati 7 ndi theka pamwezi pa babu lililonse kumabweza ndalamayo. Mayi akapempha fulasiki, mphika wokhala ndi chivundikiro chokwana bwino, kapena mbaula yomatidwa dothi, sakupempha zamanyado. Kumudzi kumene kulibe waya, kanyali ka sola kogula kamodzi kamathetsa ulendo wa sabata ndi sabata wokagula palafini, makandulo kapena mabatire a tochi, ndipo mwana amawerenga popanda utsi wa koloboyi m'maso. Mwamuna amene amafunsa kuti makala athera chiyani msanga, atakhala tsiku limodzi pafupi ndi mbaula kuyambira phala la m'mawa mpaka madzi osamba a usiku, angapeze yankho lake popanda kukangana ndi munthu. Ndipo ntchito zina pano ndi zanu ndithu: kumanga kakhoma kotchinga mphepo kukhitchini, kukonza denga lake kuti lisadonthe, ndi kuwaza nkhuni.

Nkhuni zimenezi ndizo ndimalizire, chifukwa nyengo yake ndi yosadikira. Mtengo wongodulidwa kumene ungathe kukhala ndi madzi okwana theka la kulemera kwake, ndipo ukaikidwa pamoto, moto umayamba wauumitsa usanayambe kuphika. Kulira kuja kwa chikuni chachiwisi, ndi thovu lotuluka kunsonga kwake, ndi kutentha kwanu kukupita ndi nthunzi. Chikuni chachikulu chosawaza chimauma kunja kokha. Chotero miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndiyo nthawi yowaza nkhuni zing'onozing'ono ndi kuzisanja pa thandala, zosagunda pansi, pansi pa denga koma popita mphepo. Zitsononkho za chimanga chimene mwatonola zisatayidwe kudzala, zilowe m'matumba pamalo ouma. Kwathu timasanja milu iwiri, wakale kutsogolo ndi watsopano kumbuyo, ndipo mwana wotumidwa nkhuni amadziwa kuti atenge za kutsogolo. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, mulu wakumbuyo uja umakhala utauma, ndipo umatifikitsa mpaka Malichi.